GOGODELA SI MASEWERA, AMALONDA CHENJERANI!

Ku America ena amatenga kumanga mfuti ngati bawo. Munthu amagula Ruger 10/22, mfuti yomwe inatuluka mu 1964, n'kusintha mpope ndi chogwirira mpaka imukomere, Loweruka n'kumakawombera chandamale. Chipolopolo chake n'chaching'ono, mamilimita 5.6 basi, ndipo chimaphulika chikamenyedwa m'mphepete chakumbuyo kwake.

Kuno kwathu nkhani ndi ina. Ndazungulira Likuni, Mitundu ndi Nathenje, ndipo mfuti yopanga pamanja yomwe anthu amaidziwa ndi gogodela: paipi, thabwa ndi wonga wothirira kukamwa kwa mfutiyo. Akuluakulu ankaphera nguluwe zoononga chimanga m'mphepete mwa nkhalango ya Dzalanyama.

Luso lilipo abale, sindikukana. Koma paipi ya madzi sinapangidwire moto wa wonga ayi. Ikang'ambika imadula zala kapena kuboola diso la mwini wake yemwe, nguluwe n'kumapita ili bwinobwino.

Lamulo nalo silinyengerera. Firearms Act ya 1967 imaletsa kusunga mfuti popanda chilolezo, ndipo chilolezocho chimachokera kupolisi. Zoti "ndangopangira nyama za kumunda" kukhoti sizikupulumutsani.

Tsono inu ogulitsa zitsulo zakale, ndi inu owotcherera pamsika, tcherani khutu. Munthu akabwera ndi paipi madzulo, akulankhula monong'ona, osafuna kunena ntchito yake, m'funseni kawiri. Akagwidwa adzaloza benchi yanu. Tindalama ta ndiwo tisakugonetseni ku Maula, ana n'kutsala akulira kunyumba.