Mapu a Chigwa cha Shire Olembedwa ndi Manja Ambiri

Nkhani ya sabata ino ikuchokera ku Chigwa cha Shire, ndipo ikuyankha funso ili: kodi anthu ambiri okhala motalikirana angalembe bwanji m'buku limodzi popanda wina kufufuta zimene mnzake walemba?

M'chaka cha 2014, bungwe la Humanitarian OpenStreetMap Team, mothandizidwa ndi Banki Yaikulu ya Dziko Lonse ndiponso mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, linaphunzitsa Amalawi kulemba mapu a Chikwawa ndi Nsanje. Ophunzirawo ankayenda m'midzi ndi timakina ta GPS, nalemba pamene pali sukulu, mijigo, zipatala ndi misewu. Zonsezi zinkalowa m'mapu a pa intaneti otchedwa OpenStreetMap, amene Steve Coast anayambitsa ku Britain mu 2004. Pasanapite nthawi, mu Januwale 2015, Shire ndi Ruo anasefukira koopsa, ndipo boma linalengeza kuti maboma 15 ali pa ngozi. Pa nthawi yotere wonyamula thandizo amafuna kudziwa msanga sukulu imene ili pamtunda ndi msewu wofikirako.

Mapu enieniwo sakhala ku Nsanje kapena ku Lilongwe. Amasungidwa pa makompyuta aakulu otchedwa seva, amene ali ku Ulaya ndipo sazimitsidwa usana ndi usiku. Ena amayerekeza seva ndi nkhokwe, koma fanizoli n'loperewera. Wotapa chimanga amachepetsa cha m'nkhokwe, pamene wotapa pa seva amangotenga chofanana nacho, chenichenicho n'kutsala momwemo kuti enanso atape.

Munthu angathe kukonza mapuwo ali pa intaneti, chilichonse chimene akufuna n'kumabwera kuchokera ku seva nthawi yomweyo. Njirayi ndi yosavuta kuphunzira, koma imafuna netiweki yosadukaduka, chinthu chosadalirika kwenikweni kuchigwa m'nyengo ya dzinja. Anthu a ku Chikwawa sanaiwale kuti mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, m'boma lawo lomwelo. N'chifukwa chake olemba mapu ozolowera amakonda pulogalamu ya JOSM. Munthu amatsegula dzina lake pa seva kamodzi kokha, naika pulogalamuyo pa kompyuta yake. Akapeza netiweki amasankha kadera kamene akufuna, nakakopera. Kenaka amakonza modekha ngakhale netiweki itapita, ndipo ikabweranso amatumiza ku seva zokhazo zimene wasintha.

Vuto limabuka pobweza pamenepa. Tiyerekeze kuti mlembi wina ali ku Bangula, wina ku Blantyre, ndipo onse akopera msewu umodzi wopita ku Makhanga m'mawa womwewo. Wa ku Bangula waona ndi maso kuti madzi adula msewuwo, ndipo walemba zomwezo. Wa ku Blantyre akungowongola mzere wa msewu potsata chithunzi chakale chojambulidwa kuchokera mumlengalenga. Seva ikadangolandira aliyense wotumiza pomaliza, mawu a woona ndi maso akadafufutika, galimoto ya ufa n'kukatsakamira m'matope.

Seva imapewa zimenezi ndi nambala. Chinthu chilichonse pa mapuwo, kaya ndi msewu kaya mjigo, chili ndi nambala imene imakwera chikasinthidwa. Onse awiri anakopera msewu uli pa nambala 4. Wa ku Bangula atatumiza, unafika pa 5. Tsono wa ku Blantyre akabwera ndi nambala 4, seva imakana, ndipo pulogalamu imamuonetsa zolemba ziwirizo mogundizana kuti asankhe yekha zosunga ndi zotaya. Makina sagamula mlanduwo, ndipo n'koyenera kutero, pakuti sadziwa amene anaponda matope a ku Makhanga. Zakale nazonso sizitayika. Seva imasunga dzina la wosintha, tsiku, ndi mawu ochepa amene iye analemba ofotokoza chifukwa chake, kotero kuti cholakwa chingathe kubwezedwa.

Ngozi ikagwa, anthu ongodzipereka a m'maiko ambiri amathandiza kujambula nyumba ndi misewu, ndipo mikangano yotereyi ikadachuluka zedi. Pofuna kuichepetsa, bungwe lija lili ndi chida chotchedwa Tasking Manager, chimene chimagawa dera m'timabokosi ngati ndime za m'munda. Wina akatenga ndime yake, imatsekedwa kwa ena mpaka atamaliza, ndipo pambuyo pake wozolowera amadzaiyendera.

Alangizi a ntchitoyi amabwerezabwereza malangizo akuti munthu akopere zatsopano asanayambe kukonza, atenge kadera kakang'ono, ndipo atumize tsiku lomwelo ngati n'kotheka. Wosunga ntchito ya sabata yathunthu pa kompyuta yake amadzakumana ndi mikangano yambirimbiri pobweza. Kuchigwa kuno malangizowa ndi olemera kuposa kwina, chifukwa mitsinje imasintha njira ndipo midzi imasamukira kumtunda. Mapu amene anakoperedwa namondwe Freddy asanafike mu Malichi 2023 amayenera kukoperedwanso munthu asanawakhudze.