LOKSHYNA: CAKUDYA CA ALIMI A KU UKRAINE

Akulu akale anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Mau amenewa ali oona ngakhale pa nkhani ya kuphika. Cimanga, cinangwa, mbatata ndi nsawa, zimene anthu a ku Cigawo ca Kum'mawa amaziyesa zakudya za makolo ao, zonse zinacokera ku America, ndipo zinafika m'Afrika ngati alendo. Nkhani ino ikunena za mlendo wina, ndiye cakudya ca alimi a ku Ukraine cochedwa lokshyna. Dzina lace ndi lacilendo, koma zophikira zace ndizo ufa wa tirigu, mazira ndi mkaka wowawasa, ndipo zonsezi mai wa ku Madzimoyo kapena wa m'komboni ya ku migodi amazidziwa kale.

Eni ace a cakudyaci

Ukraine ndi dziko lalikulu la kum'mawa kwa Ulaya, ndipo mzinda wace waukulu ndi Kyiv. Dothi la kumeneko ndi lakuda bii monga la m'dimba, ndipo limabereka tirigu ndi mpendadzuwa wambiri. Komabe anthu ace anaidziwa njala. M'zaka za 1932 ndi 1933 boma la Stalin linalanda tirigu wa alimi, ndipo anthu mamiliyoni anafa. Anthu otere sataya cakudya, ndipo kaphikidwe kao ndi kosamala kanthu kali konse, ngakhale mkaka umene wagona ndi kusasa.

Ena a kumeneko anafika ndithu m'dziko la Northern Rhodesia, limene tsopano ndi Zambia. Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse isanayambe, madera a Lviv ndi Ternopil, amene lero ali m'Ukraine, anali pansi pa boma la Poland. M'zaka za 1940 ndi 1941 boma la Soviet Union linasamutsa mabanja ambiri a m'maderawo ndi kuwatumiza ku Siberia ndi ku Kazakhstan. M'caka ca 1942 ena mwa iwo analoledwa kuturuka kudzera ku Persia, ndipo zikwi zambiri, makamaka akazi ndi ana, anatumizidwa ku Afrika. Othawa nkhondo a ku Poland anakhala ku Lusaka, ku Livingstone, ku Abercorn kumene tsopano ndi Mbala, ku Bwana Mkubwa pafupi ndi Ndola, ndi ku Fort Jameson kumene tsopano ndi Chipata, mtunda wocepa kucokera ku Madzimoyo. Nkhondo itatha, ambiri anacoka. Kwao kumene anabadwira, lokshyna inali cakudya codziwika. Nawo Ayuda a ku maiko omwewo ali ndi cakudya cofanana naco cimene amacicha lokshen kugel, ndipo amacidya pa tsiku la Sabata.

Mau akuti lokshyna amatanthauza tizingwe ta ufa wa tirigu wokanda ndi mazira, abale ace a makaroni a m'sitolo. Tizingweti tikasakanizidwa ndi chizi ca mkaka wowawasa ndi mazira ena, ndi kuochedwa m'mphika kufikira zonse zitagwirana, eni ace amati ndi zapikanka, ndiko kunena coocha. Cimaturuka monga cikondamoyo, cofiirira pamwamba, cofewa m'kati, ndipo amacidula ndi mpeni.

Nchito yoyamba ndi ya mkaka

Madzimoyo ali m'dziko la Angoni a Mpezeni, anthu oweta ng'ombe, amene amadziwa mkaka wowawasa wochedwa amasi. A ku Malawi amati cambiko. Chizi ca ku Ukraine, cimene eni ace amati syr, cimacokera ku mkaka womwewo.

Mai atenge mkaka malita 2. Ngati uli wocokera kukhola, ayambe wauwiritsa, cifukwa mkaka wauwisi ungathe kunyamula cifuwa cacikulu ca ng'ombe ndi nthenda ina ya malungo osatha yochedwa brucellosis. Ukazizira, athiremo masupuni 3 a amasi abwino, aubvundikire, ndipo ugone tsiku limodzi kapena masiku awiri kufikira utagwirana. Mkaka wowawasa wa m'sitolo nawo ndi wabwino pa nchito imeneyi.

Tsono aike mkakawo pa moto wocepa. Asauwiritse ai, koma ungotentha kufikira zoyera zitapatukana ndi madzi acikasu. Moto ukacuruka chizi cimauma ndi kukhala ngati mphira. Akaona kuti zapatukana, atsanulire zonse m'nsaru yoyera yocapa bwino, amange, napacike kuti madzi akhe kwa maola 2 kapena 3. Zotsala m'nsarumo ndizo chizi, cokwana ngati kapu imodzi ndi theka. Madzi acikasu aja asatayidwe, pakuti ndi abwino kukandira ufa wa zitumbuwa kapena wa buledi.

Kukanda ndi kudula

Pa tizingwe pafunika ufa wa tirigu makapu 2, ndiwo ngati magalamu 250, mazira 2, mcere theka la kasupuni, ndi madzi masupuni 2 kapena 3. Mai aunjike ufa m'mbale yaikuru, aboole pakati, aswere mazira m'menemo, athire mcere ndi madzi, nayambe kusakaniza ndi zala. Mtanda uyenera kukhala wolimba, wosamata m'manja. Aukande kwa mphindi 10, ndipo atatero aubvundikire ndi mbale kuti upumule mphindi 30.

Kukanda ndi kupumula kuli ndi cifukwa cace. M'tirigu muli cinthu cina cochedwa gluten, cimene cimatamuka ngati ulimbo ufa ukanyowa ndi kukandidwa. Ndico cimagwira mtanda kuti usang'ambike pouyala. Mtanda wongokandidwa kumene umakana kuyalika, umabwerera m'mbuyo, koma ukapumula umamvera. M'cimanga mulibe gluten, ndico cifukwa cace ufa wa nsima sungapange tizingwe, ngakhale mai ataukanda tsiku lonse.

Mtanda ukapumula, augawe pawiri. Awaze ufa pa thebulo loyera, nagubuduze botolo losalala pamwamba pa mtandawo, kuutembenuza kawirikawiri, kufikira utapyapyala ngati nsaru ya citenje copinda kawiri. Ausiye uume pang'ono kwa mphindi 15, auwaze ufa, aukulunge monga mphasa, ndipo adule ndi mpeni wakuthwa timizere ta theka la m'mimba mwa cala ca kaniche. Akamasula timizereto, ndito tizingwe. Atiyale pa licero kuti tisamatane.

Madzi awire ambiri m'poto waukuru, ndipo akhale ndi mcere. Tizingwe tatsopano sitifuna nthawi: mphindi 3 kapena 4 zakwana. Mai atiphule tisanafewetse, cifukwa tidzapsyanso kaciwiri poocha. Atsanule madzi onse, nathire supuni imodzi ya batala kapena mafuta ophikira a mpendadzuwa kuti tisagwirane. Amene alibe nthawi ya kukanda angawiritse makaroni a m'sitolo magalamu 250, ngakhale kukoma kwace sikufika pa kwa tizingwe ta mazira.

Kusakaniza ndi kuocha

M'mbale ina mai apuntheze mazira 3, athiremo chizi cija, theka la kapu ya amasi, ndi mcere pang'ono. Ku Ukraine amathira mafuta owawasa a pamwamba pa mkaka ochedwa smetana, koma amasi olimba amagwira nchito yomweyo. Pamenepa njira zikhala ziwiri. Wofuna cotsekemera ca ana athire shuga masupuni 3. Wofuna ca mcere akazinge anyezi mmodzi kufikira atafiira, nasakanize. Tizingwe tikhale titapola pang'ono tisanakumane ndi mazira, pakuti tikakhala totentha kwambiri mazira amapsya nthawi isanakwane, ndipo coochaco sicigwirana.

Apake mafuta m'mphika wacitsulo wa pansi pocindikala, awazemo nyenyeswa za buledi wouma, athiremo zosakanizazo, nasalaze pamwamba ndi mthiko. Kuya kwace kusapitirire zala zitatu zogoneka. Mwini uvuni aoche pa madigiri 180 kwa mphindi 40 kapena 45. Mwini mbaula acite monga amacitira ndi cikondamoyo: makala ocepa pansi, ambiri pa cibvundikiro kapena pa lata woyera wobvundikira mphikawo. Moto wa pansi ukacuruka, pansi pamapserera pakati pakali madzi. Kuona maso a nkhono nkudekha. Mai asabvundukule kawirikawiri, cifukwa kutentha kumathawa.

Cimene cimacitika m'mphikamo ndi ici: dzira likatentha kufika ngati madigiri 70 limalimba, ndipo polimbapo limamanga tizingwe ndi chizi pamodzi monga dothi limangira njerwa. Cizindikiro ca kupsya ndi mpeni: ukalowa pakati ndi kuturuka wouma, capsya. Ciphulidwe, cikhale mphindi 10, ndipo pamenepo cidulidwe. Cimakwanira anthu 5 kapena 6. Cimadyedwa ca moto, ndi amasi pamwamba, kapena ndi ndiwo za masamba ndi matimati. Cotsala cidyedwe tsiku lomwelo, koma ngati m'nyumba muli firiji cingagone masiku awiri. Bambo wonyamula nthuli yace popita ku nchito ya pa mgodi aidye pa kupumula koyamba, cifukwa mazira ndi mkaka sizicedwa kuonongeka pa malo otentha.

Mazira nawo ayesedwe asanaswedwe. Dzira labwino limamira m'madzi ndi kugona pansi. Loyandama ndi lakale, ndipo litayidwe.

Dzira limodzi kwa munthu ali yense

Wowerengera bwino waona kuti m'cakudyaci mwalowa mazira 5, ndipo akudya ali 5 kapena 6. Ndiko kunena kuti munthu ali yense, ndi mwana wamng'ono yemwe, walandira pafupifupi dzira lathunthu pamodzi ndi gawo la mkaka wa malita 2. Apa ndipo pali mtima wa nkhani.

M'midzi yambiri nkhuku zimaikira, koma mazira amapita ku msika wa ku Chipata kapena amadikira mlendo. M'mabanja ena mukali mwambo wakuti mai wapakati asadye mazira kuopa kuti mwana angabadwe wopanda tsitsi, ndi kuti ana asawalawe. Madokotala sapeza coona m'mantha amenewa. Cimene amapeza ndi ana otupa mapazi ndi masaya, a tsitsi lofiira lopyapyala, amene amakhuta phala la ufa woyera koma thupi lao likusowa zomangira. Nthenda imeneyi inalembedwa ndi dzina lakuti kwashiorkor m'caka ca 1935 ndi Dokotala Cicely Williams, amene anali kugwira nchito ku Gold Coast, dziko limene tsopano ndi Ghana. Dzira limodzi liri ndi magalamu ngati 6 a zomanga thupi, ndipo mwana amene wakwana miyezi 6 angayambe kulidya lophikidwa bwino.

Pa mbale ya ndiwo ya banja, wamkuru ndiye amayamba kutapa, ndipo kawirikawiri mwana amatsala ndi msuzi. Coocha ca lokshyna sicilola zimenezo, pakuti dzira ndi chizi zalowerera pali ponse, ndipo nthuli ya mwana iri ndi zomwezo zimene ziri m'nthuli ya atate wace. Ndi cofewa, cotero nkhalamba yopanda mano ndi wodwala amene wayamba kucira angathe kucidya.

Bvuto lace ndi mtengo wa ufa. Tirigu wa m'Zambia amalimidwa ndi madzi othirira m'nyengo ya cisanu, pa mafamu akuru a ku Mkushi, Chisamba ndi Mazabuka, ndipo mlimi wa ku Madzimoyo ayenera kuugula ndi ndarama. Pamene asilikari a Russia analowa m'Ukraine pa 24 February 2022, madoko a pa Black Sea monga Odesa anatsekeka kwa miyezi, ndipo mtengo wa tirigu ndi wa mafuta ophikira unakwera m'maiko ambiri. Cifukwa cace cakudyaci sicingalande malo a nsima, ndipo palibe cifukwa cakuti ciwalande. Ngakhale kwao kuli nyengo imene zakudya zotere zimacuruka koposa: sabata lotsiriza nyengo ya kusala ya Pasaka isanayambe, pamene Akristu a mpingo wa Orthodox amaleka nyama nadya za mkaka, batala ndi mazira.

Koma makapu 2 a ufa si ambiri. Ndi omwewo amene mai amagula pofuna kukazinga zitumbuwa. Pa tsiku la Mulungu, kapena pa tsiku la malipiro, kapena pamene mwana waonda atadwala cikuku, ufa womwewo pamodzi ndi mazira a m'khola ndi amasi a m'cikho ungasanduke cakudya comanga thupi la banja lonse. Mai woyesa koyamba ayambe ndi theka la muyeso, dzira limodzi m'mtanda ndi awiri m'chizi, kuti aphunzire moto wa mbaula yace asanaitane alendo.