MANTHA A M'MASO AMAUMITSA MIYENDO

Dzinja likafika m'boma la Chadiza, mtsinje wa Nsadzu ndi timifuleni tina timadzaza, ndipo anthu ambiri amaoloka pa ulalo wa mtengo umodzi. Alipo amai amene amayenda mtunda wautali ndi ndowa pamutu osataya ndi dontho lomwe, koma akafika pakati pa ulalo ndi kuyang'ana madzi alikuthamanga pansi, miyendo imangouma gwa! Ena amafulumira kunena kuti munthuyo walodzedwa. Akatswiri a za thupi la munthu apeza cifukwa cina.

Munthu woimirira sakhala nji ngati mzati. Thupi lace limagwedezeka pang'ono-pang'ono nthawi zonse, ndipo zimene zimaliongola ndi zitatu: mapazi, ziwalo za m'kati mwa khutu, ndi maso. M'caka ca 1974, ku Edinburgh, David Lee ndi Eric Aronson anaimika ana ongophunzira kuyenda m'kacipinda kamene zipupa zace zinali kusunthidwa, pansi posasuntha ai. Anawo anadzandira, ena mpaka kugwa, cifukwa anakhulupirira maso kuposa mapazi ao. Madzi othamanga amanyenga woolokayo momwemonso: amaona ngati ulalo ndiwo ulikuyenda.

Koma cacikuru ndi mantha. M'caka ca 2005 akatswiri a ku Rio de Janeiro, m'dziko la Brazil, anaimika amuna pa thabwa loyesa kugwedezeka kwa thupi, nawaonetsa zithunzi zamitundu-mitundu. Pa zithunzi za anthu ovulala koopsa, matupi ao anacepetsa kugwedezeka ndi kulimba, ndipo mtima unayamba kugunda mocedwa. Onsewo anali kudziwa bwino kuti ndi zithunzi cabe, koma thupi silinafunse nzeru. Kalulu amacita cimodzi-modzi akamva mgugu wa mlenje: amayamba wati zii asanathawe.

Charles Darwin analemba m'caka ca 1872 kuti anaika nkhope yace pa galasi limene kuseri kwace kunali mphiri, atatsimikiza mtima kuti sadzasuntha. Njokayo itagalukira galasilo, iye analumphira m'mbuyo. Ife a kuno sitisowa kupita kutali. Cirombo ca Gule Wamkulu cikatulukira mwadzidzidzi pa njira, mwana amayamba waima kaye, liwiro libwera pambuyo.

Kuuma kotere nkothandiza pa nthaka yolimba. Pa ulalo woterera nkoopsa, pakuti thupi louma silitha kudziongola msanga mtengo ukagwedezeka. Nkhalamba zimene zinagwapo kale ndizo zibvutika koposa, popeza mantha a kugwanso amazilimbitsa miyendo.

Masiku ano zithunzi zoopsa zalowa m'matumba mwathu. Ngozi ikacitika pa mseu wa Great East, zithunzi za ovulala zimazungulira pa mafoni tsiku lomwelo, ndipo acinyamata amazionetsa kwa ali yense, ngakhale kwa agogo ataimirira ndi ndodo. Khalidwe limeneli nlosayenera. Ngati nkhaniyo iyenera kuwafika, ayambe apatsidwa mpando.

Pooloka, musayang'ane madzi. Penyetsetsani cinthu cosasuntha kutsidya, monga mtengo kapena culu, ndipo mupume bwino. Wina akauma pakati pa ulalo, musamkuwize kapena kumuseka. Mlankhuleni mofatsa, mumuuze poyang'ana, ndipo ngati wasenza katundu wina ayambe wamlandira.