Kodi bwana wa masoja amamuika ndani pampando?

Kabwe ndi tauni ya masoja. Tili ndi kampu ya Chindwin, tilinso ndi Kohima komwe kuli MILTEZ, sukulu yosula maofisala. Malipiro a asilikali akalowa pakutha kwa mwezi, amayi a pamsika ndi anyamata a matekisi amadziwa popanda wowauza. N'chifukwa chake mu Seputembala 2024, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema anaika Lt Gen Geoffrey Zyeele m'malo mwa Lt Gen Dennis Alibuzwi, nkhaniyo inakambidwa mpaka m'maminibasi. Ndinamva ena akuti masoja amavota okha kusankha mkulu wawo. Ayi ndithu, kukampu kulibe mavoti.

Gawo 91 la malamulo aakulu a dziko likuti mkulu wa asilikali onse ndi Pulezidenti. Iye ndiye amasankha Army Commander, ndipo akafuna amamuchotsa. Bwanayo amakhala ku Arakan Barracks ku Lusaka, kuyendetsa gulu la Zambia Army, kuona za mwambo ndi maphunziro a asilikali. Koma mphamvu zake zili ndi malire. Sangalengeze nkhondo, ndipo salamulira ZAF kapena ZNS, chifukwa magulu awa ali ndi mabwana awoawo. A Kaunda anayesapo kuwaika onse pansi pa munthu mmodzi mu 1976, koma pofika 1980 anawagawanso. Malamulo amanenanso kuti asilikali azikhala pansi pa boma la anthu wamba ndipo asamatenge mbali m'zipani.

Manje funso la achinyamata athu a ku Bwacha ndi Makululu ndi lakuti: kodi ine ndingafike pamenepo? Njira yake ndi ya uofisala, kuyambira pa kadeti, osati kungovala yunifomu chabe. Malamulo aakulu satchula zaka zakubadwa kapena digiri ya mkuluyu. Kingsley Chinkuli, yemwe anaphunzira ku Sandhurst ku Britain, anakhala Mzambia woyamba pampandowu mu 1970 ali ndi zaka 31 zokha. Masiku ano amene amafikapo amakhala atatumikira zaka zambirimbiri. Kwa ine, poti lamulo silinena zambiri, nkhani yonse imatsalira pa chikhulupiriro cha Pulezidenti, ndipo apa m'pomwe anthu ayenera kumayang'anitsitsa.

Pali chinthu china chimene makolo ambiri amachiphonya. Kuchokera mu 2016 Mzambia amaloledwa kukhala nzika ya maiko awiri. Koma gawo 194 likuti munthu wotere sangatumikire m'gulu la asilikali. Ndiye ngati mwana wanu munam'tengera unzika wa South Africa kapena UK pamwamba pa reji yake yobiriwira, dziwani kuti geti la ku Kohima silim'tsegukira, ngakhale satifiketi yake ya Giredi 12 ikhale yowala bwanji.