CHILOMBO CHOSAONEKA CHIGAWANITSA OONERA KANEMA: Woopsa ndani, chogogoda panja kapena okwera anzako?

Papita zaka zambiri chionetsereni, koma mtsutso wake ukukanika kuzirala. Pa 14 June 2008, wailesi ya kanema ya BBC One ku Britain idaonetsa gawo lina la sewero la Doctor Who lotchedwa "Midnight", kutanthauza kuti pakati pa usiku, ndipo kuyambira tsiku limenelo okonda seweroli akhala akukokanakokana pa funso limodzi: kodi choopsa chenicheni m'nkhaniyi nchiti, chinthu chomwe chinkagogoda panja pa galimoto, kapena anthu wamba omwe adali mkatimo?

Chodabwitsa nchakuti m'mphindi pafupifupi 45 za gawoli, chilombocho sichioneka ngakhale chala. Mulibe magazi, mulibe mfuti. Muli anthu basi, otsekeredwa m'galimoto yomwe yaima pakati pa njira. Koma ambiri omwe adaonera amati ili ndi limodzi mwa magawo oopsa zedi m'mbiri yonse ya seweroli.

Kwa amene simulidziwa, Doctor Who lidayamba pa 23 November 1963, lidaima m'chaka cha 1989 ndipo lidadzayambiranso mu 2005. Mwini nkhani ndi mlendo wochokera ku dziko lina la m'mlengalenga, wongodziwika ndi dzina lakuti Doctor, yemwe amayenda m'nyengo zakale ndi zam'tsogolo pa chombo chotchedwa TARDIS. Mkuluyu sayenda ndi chida. Chida chake ndi pakamwa: akafika pa malo pomwe pavuta amayamba kulankhula, anthu nkumumvera, zinthu nkuyenda. M'gawo tikukambali Doctor adali David Tennant, wolemba nkhani adali Russell T Davies, pomwe wotsogolera kujambula adali Alice Troughton.

Ulendo wa maola 4

Nkhani ikuchitikira pa dziko lotchedwa Midnight, lomwe nthaka yake ndi dayamondi yokhayokha, koma dzuwa lake ndi lakupha moti palibe munthu angaponde panja. Mnzake wa Doctor, Donna Noble, akukana kupita nawo, ati akufuna kupuma ku hotela, ndiye mkuluyu akukwera yekha galimoto yonyamula alendo yotchedwa Crusader 50, ulendo wa maola 4 kukaona mathithi.

Okwera alipo 7. Kupatula Doctor pali banja la Biff ndi Val Cane ndi mnyamata wawo Jethro. Pali Professor Hobbes, katakwe wa za dzikolo yemwe akuti uwu ndi ulendo wake wa nambala 14, limodzi ndi mtsikana womuthandiza ntchito, Dee Dee Blasco. Ndiye pali mayi wina woyenda yekha, Sky Silvestry, yemwe chibwenzi chake changotha kumene. Ogwira ntchito ndi atatu: dalaivala Joe, makaniko Claude, ndi mayi wolandira alendo, kaya tingoti kondakitala.

Poyamba zonse zili bwino, kucheza ndi kuseka ngati anthu odziwana kalekale. Mwadzidzidzi galimoto ikuima pa njira yachilendo yomwe dalaivala adapatukira. Makaniko akuti waona ngati chithunzithunzi chikuthamangira komwe ali. Posakhalitsa, go! go! panja. Professor akulumbira kuti kunjako kulibe chamoyo chilichonse. Biff akugogoda katatu, panja pakuyankha katatu. Doctor akugogoda kanayi, panja pakuyankhanso kanayi. Kenaka magetsi thi, galimoto gwedegwede, ndipo pomwe mayi kondakitala akutsegula chitseko cha kwa dalaivala akupeza mutu wonse wa galimoto wazulidwa. Joe ndi Claude apita.

Masewera a ana asanduka zoopsa

Apa mpomwe pagona luso la Davies. Sky ali chikhalire, osagwedezeka. Wina akalankhula, iye akubwereza mawu omwewo. Tonse tikuwadziwa masewera aja ana amakwiyitsira nawo akulu, iwe ukati "khala chete" mwana nayenso "khala chete". Tangoganizani tsono munthu wamkulu, maso ali tong'o, akubwereza mawu a anthu onse m'galimoto osaphonya ngakhale limodzi, ngakhale manambala ataliatali omwe Doctor akumuyesa nawo.

Sizikuthera pomwepo. Kenaka Sky akuyamba kulankhula nthawi imodzimodzi ndi wolankhulayo, osatsalira m'mbuyo. Kenaka akuwasiya ena onse nkumangotsata Doctor yekha. Pamapeto pake zinthu zikutembenuka: Sky ndiye akuyamba kulankhula, Doctor nkumabwereza pambuyo, atauma gwa, osatha kusuntha ngakhale dzanja. Chinthu chija chamulanda mawu, chida chokhacho chomwe ali nacho.

Koma zisanafike apo, okwera aja adali atasintha kale. Mayi kondakitala ndiye woyamba kunena kuti Sky aponyedwe panja. Ena akuvomera mmodzimmodzi. Doctor akukana kwamtuwagalu, ati palibe kupha munthu pano, komanso mwina chinthuchi ndi chamoyo chatsopano chomwe chikungophunzira. Apa gulu likumutembenukira: iwe ndiwe yani? Wachokera kuti? Bwanji ukuoneka ngati zikukusangalatsa? Akuwauza dzina labodza lakuti John Smith, iwo osakhulupirira. Atamufunsa chifukwa chomwe ayenera kumumvera iye, akuyankha kuti poti ndi wanzeru. Abale, mawu amenewo ngolankhula pakati pa anthu amantha?

Ndiye Doctor atauma muja, Sky akuimirira nkunena kuti wachira, chiwanda chasamukira mwa mkuluyo. Gulu likukhulupirira msangamsanga poti nzomwe limafuna kumva. Biff akuyamba kumukhwekhwereza kupita naye kuchitseko, Val akuchemerera, Professor ndi Jethro nawo akugwirako. Dee Dee akuyesa kunena kuti ayi, chinthucho chikadali mwa Sky, koma palibe womumvera. Mayi kondakitala yekha ndiye akutchera khutu, nkumva Sky akutchula timawu ta Chifalansa tomwe Doctor adamuuza iyeyo poyamba ulendo. Pompo akuzindikira kuti mawuwo ngobedwa. Akumugwira Sky, kutsegula chitseko, onse awiri nkutayika kunja. Doctor akumasuka.

Mtsutso woyamba: chinali chiyani?

Gulu lina la okonda seweroli limathera nthawi pa chilombocho. Kodi chidali chamoyo cha pa dzikolo, kapena chidachita kutsekeredwapo? Kodi chidabwera ndi nkhanza, kapena nkhanzazo chidaziphunzira kwa okwera aja, poti chinkangotola chilichonse chomwe chamva? Ena amati chidasankha Sky chifukwa ndiye adali wamantha kwambiri komanso wopanda womuimira kumbuyo. Enanso amati chinkachita kulowa m'mitu mwa anthuwo nkumawakolezera ukali, choncho tisawaweruze kwambiri.

Mfundo yomalizayi anzawo amaikana. Iwo amati kunena choncho nkuwapezera anthuwo pothawira. Palibe chomwe Val kapena Biff adachita chomwe munthu wamantha sangachite payekha popanda chiwanda. Umboni wawo ndi zomwe zikuchitika zonse zitatha: anthu ali duu kudikira galimoto yodzawapulumutsa, Val akutsegula pakamwa nkunena kuti iye ankanena kale kuti chinthucho chili mwa Sky. Bodza la masanasana, kuchokera kwa mayi yemwe mphindi zochepa zapitazo amakuwa kuti Doctor aponyedwe panja.

Mtsutso wachiwiri: adalondola ndani?

Uwu ndiye mtsutso wovuta, ndipo ndi umene umachititsa kuti gawoli lisakalambe. Mayi kondakitala ndiye adayambitsa zoti Sky aponyedwe panja. Doctor adakana. Pamapeto pake chomwe chidapulumutsa anthu 6 otsalawo nchomwecho chomwe mayiyo adanena poyamba. Ndiye ena amati: mwaona? Gulu lidalondola, Doctor ndiye adalakwa ndi chifundo chake, ndipo akadamvera msanga mayi kondakitala sakadafa.

Ena amati ayi, onetsetsani bwino. Gulu lomwelo lomwe linkafuna kuponya Sky ndi lomwe lidatsala pang'ono kuponya munthu wosalakwa nkusiya chilombo chili phee pampando, kupita nacho kumzinda kwa anthu. Gululo silinkafuna choonadi, linkangofuna wina woti atayidwe kuti mitima ikhale pansi. Poyamba mayi kondakitala ankalankhula ndi mantha ngati ena onse. Kachiwiri adachita atamva umboni ndi makutu ake, pa nthawi yomwe aliyense ankakuwa, ndipo mtengo wake adalipira ndi moyo wake, osati wa mnzake.

Ife tikuona kuti mbali yachiwiriyi ili ndi mfundo yolemera, komabe Doctor naye sakutuluka woyera. Akuluakulu adati ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Mkuluyu adazolowera kuti akalankhula anthu amanjenjemera, ndipo tsiku limeneli adalibe Donna woti amuikire kumbuyo kapena kumugwira pakamwa. Ngakhale TARDIS sikuoneka m'gawo lonseli, chinthu chomwe chidali chisanachitike chichokereni nkhani ya "Genesis of the Daleks" ya mu 1975. Professor Hobbes naye ndi chimodzimodzi: maphunziro ake onse adangomuthandiza kukana zomwe makutu ake ankamva, ndi kunyoza Dee Dee yemwe ankaona bwino kuposa iye.

Dzina lake ndani?

Pomwe ambiri amati mtima udawawa ndi pamapeto. Doctor akufunsa anzake aja kuti kodi mayi uja dzina lake adali yani. Onse kukamwa yasa. Palibe ndi mmodzi yemwe akudziwa. Adawapatsa zakumwa, adawalangiza za chitetezo, adawafera, koma palibe adamufunsa dzina. Ngakhale pa mndandanda wa osewera kumapeto kwa filimu adangolembedwa ndi dzina la ntchito yake. Yemwe adasewera malo amenewa ndi Rakie Ayola, wobadwira ku Cardiff, pomwe Sky adali Lesley Sharp, yemwe adayenera kuloweza mawu a anthu onse m'galimoto muja.

Inu a pamsika funso limeneli likukukhudzani mbali zonse ziwiri. Ndi makasitomala angati omwe amagula kwa inu tsiku ndi tsiku koma amangokudziwani kuti "amayi a tomato" kapena "achimwene a kaunjika"? Nanga inuyo, mnyamata wonyamula katundu wanu m'mawa uliwonse, dzina lake lenileni mumalidziwa?

Chilombo chibweranso mu 2025

Kwa zaka pafupifupi 17 Davies adachisiya chilombocho osachikhudza. Koma pa 26 April 2025 kudatuluka gawo lotchedwa "The Well", kutanthauza chitsime, lomwe adalemba pamodzi ndi Sharma Angel-Walfall. Apa Doctor adali Ncuti Gatwa, wobadwira ku Rwanda nkukulira ku Scotland. Nkhani ikuyamba ngati yachilendo: asilikali akufika pa mgodi pomwe anthu onse afa kupatula mayi mmodzi wosamva, Aliss, yemwe adasewera ndi Rose Ayling-Ellis. Pakatikati mpomwe zikuululika kuti dzikolo ndi Midnight lomwe lija, patapita zaka 400,000, ndipo chinthu chija tsopano chimabisala kumsana kwa munthu.

Mtsutso udabukanso. Ena adakondwa kuti nkhani yapitirira komanso kuti chilombocho sadachionetsebe bwinobwino. Ena adadandaula kuti chinsinsi chimakoma chikakhala chosakhudzidwa, ndipo chilombo chomwe chikuponya anthu m'mwamba nkuwathyola mafupa sichikuopsa ngati chija chinkangobwereza mawu. Koma onani kuti ngakhale m'gawo latsopanoli, imfa zambiri za asilikali zikudza pomwe mmodzi mwa iwo wakana kumvera malangizo nkulanda ulamuliro chifukwa cha mantha ndi phuma, ndipo wopulumutsa anzake ndi mayi winanso wodzipereka yekha, mtsogoleri wa asilikaliwo, yemwe akudziponya m'chitsime.

Si za ku Britain zokha

Wina atha kunena kuti izi nzopeka za azungu, zikutikhudza chiyani? Tikumbutsane za mu September ndi October 2017, pomwe mphekesera za anamapopa zidagwedeza Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mpaka kufika mu mzinda wa Blantyre. Anthu angapo adaphedwa ndi magulu a anthu olusa, bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake m'maboma ena, ndipo apolisi adamanga anthu oposa 100. Namapopa weniweni palibe adamuonetsa. Omwe adaoneka ndi maliro a anthu omwe tsoka lawo lidali kukhala achilendo pamalo, kunyamula chikwama chosadziwika, kapena kulephera kuyankha bwino mafunso a gulu.

Pamsika napo timazidziwa. Wina akangokuwa kuti "wakuba!", miyala imayamba kuuluka wofunsa kuti waba chiyani asanatsegule pakamwa. Ndipo wofunsayo akalimbikira, amamva zomwe adamva Doctor: iwe ukumuikira kumbuyo bwanji, kapena ndinu amodzi? Zikatha, mawa lake aliyense amasanduka Val, ati ine ndinkanena kale kuti mnyamatayo ngosalakwa.

Nchifukwa chake mtsutso wa "Midnight" sukutha. Davies sadatipatse yankho lofewa lakuti choopsa kulibe. Choopsa chidalipo ndithu, chidapha anthu. Koma mwa anthu onse omwe adali m'galimoto muja, omwe adachizindikira ndi awiri okha, mtsikana wonyozeka ndi mayi wopanda dzina, chifukwa iwo adamvetsera pomwe anzawo ankakuwa. Tsiku lomwe kudzamveke "wakuba!" pafupi ndi benchi yanu, yambani mwafunsa kuti waba chiyani, kwa yani, ndipo waona ndani. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.