Budgie imabisa matenda: kumvetsa khalidwe la kachinkhwe ka ku Australia

Anthu ambiri amene anawetapo budgie, kachinkhwe ka mchira wautali kamene kamasungidwa m'khola pakhonde kapena pabalaza, ali ndi dandaulo lofanana: dzulo mbalame imadya ndi kuimba, lero m'mawa aipeza ili gada pansi pa khola. Kawirikawiri imfa yotere siikhala yadzidzidzi. Mbalameyo imakhala itadwala masiku angapo koma ikubisa, mwiniwake osazindikira kanthu. Kubisa matenda, kulongolola tsiku lonse, kulavulira chakudya pagalasi, zonsezi gwero lake ndi limodzi, ndipo lili kumene mbalameyi inachokera.

Kwawo ndi kuchipululu

Budgie ndi mbadwa ya m'kati mwa Australia, dera louma limene mvula yake ndi yosadalirika. Dzina lake la sayansi ndi Melopsittacus undulatus, ndipo katswiri wa zamoyo George Shaw ndiye anayamba kuilongosola m'mabuku mu 1805. Yakutchire imakhala yobiriwira, mutu wachikasu, ndi timizere takuda kumsana ndi m'mapiko. Kutalika kwake ndi masentimita pafupifupi 18, kulemera magalamu 30 mpaka 40 basi.

Mbalamezi zilibe mudzi wokhazikika. Zimayenda m'magulu kulondola madzi ndi njere za udzu, ndipo chaka chimene mvula yagwa bwino gulu limodzi limafika masauzande. Mvula ikangogwa zimathamangira kuswana m'mphako za mitengo ya bulugamu. Yaikazi imaikira mazira 4 mpaka 6, kuwafungatira masiku pafupifupi 18, ndipo ana amatuluka m'phako atatha mwezi umodzi kapena kupitirirako pang'ono.

John Gould ndiye anafika nazo zamoyo ku England mu 1840. Zabuluu, zoyera ndi zachikasu zokhazokha zimene timaziona m'makola lero zinabwera chifukwa cha oweta amene ankasankha zoti aziswanitsa. Oweta anasintha mtundu wa nthenga, koma mtima wa mbalameyi sanausinthe. Ikadali mbalame ya pagulu, ndiponso ikadali mbalame yodyedwa. Kutchire, kabawi akagwera gulu amalunjika imene ikuoneka yofooka. N'chifukwa chake budgie yodwala imayesetsa kuoneka yamphamvu mpaka mphamvuzo zitatheratu.

Kulongolola n'kufuna anzake

Budgie ili ndi kaliridwe kamitundu ingapo. Pali kakulira kakafupi, kakuthwa, koitanira anzake, kamene imabwereza ikamva mwiniwake akutuluka m'chipinda. Palinso nyimbo yaitali yosakanikirana, yopanda poyambira ndi pothera, imene makamaka yamphongo imaimba ikakhuta ndi kumasuka. Phokoso la wailesi kapena la anthu ocheza limaiyambitsa kuimba, chifukwa kwa iyo phokoso litanthauza kuti gulu lili pamtendere. Bata ladzidzidzi ndi limene limaiopsa.

Si kulira konse kumene imabadwa nako. Kwina imachita kuphunzira. Ofufuza anapeza kuti yamphongo ikapeza yaikazi imasintha kaitanidwe kake n'kuyamba kutsanzira ka mkaziyo. Luso lomweli ndi limene imatsanzirira mawu a anthu. Budgie ina ya ku California, dzina lake Puck, inalowa m'buku la Guinness la 1995 chifukwa chodziwa mawu 1,728. Mu 2025 akatswiri a ku New York University anafalitsa m'magazini ya Nature kafukufuku wosonyeza kuti mbali ya ubongo wa budgie yoyendetsa mawu imagwira ntchito mofananako ndi mbali imene imayendetsa kulankhula mwa munthu.

Komabe si zonse zimene zimalankhula. Zamphongo ndi zimene zimaphunzira msanga, makamaka zikayamba zili zazing'ono. Ndipo imene imalankhula kwambiri nthawi zambiri ndi imene ilibe mnzake, moti yatenga munthu ngati gulu lake. Akale anati kalikokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu, ndipo mawuwa amaikhudzanso mbalameyi. Ngati panyumba pamakhala popanda munthu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, wetani ziwiri. Galasi silingalowe m'malo mwa mnzake. Yamphongo imatha kukopeka ndi chithunzi chake chomwe, n'kumagwedeza mutu ndi kulavulira njere pagalasipo monga ikanadyetsera mkazi wake.

Zimene maso athu saona

Pamwamba pa mlomo wa budgie pali kachikopa kamene pali timabowo ta mphuno. Mwa yamphongo yaikulu kamakhala kabuluu, mwa yaikazi kotuwa kapena kofiirira, ndipo nthawi yoswana kamada n'kukhakhala. Apa ndi pamene oweta amasiyanitsira, ngakhale kuti mwa ana ndi mwa zoyera kapena zachikasu zokhazokha n'kovutirapo.

Mbalamezo pazokha zimaona zambiri kuposa ife. Diso la munthu lili ndi mitundu 3 ya timaselo toonera mitundu ya zinthu, pamene la budgie lili ndi 4, ndipo limaona kuwala kwa ultraviolet. Nthenga zachikasu za pamutu ndi m'masaya zimanyezimira zikalandira kuwalaku. Pa kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya Science mu 2002, ofufuza anapaka nthengazo mafuta otchinga dzuwa, ndipo mbalame zopakidwazo zinasiya kukopa zinzake monga kale. Kafukufuku wina wa mu 2019, m'magazini yomweyo, anasonyeza kuti zazikazi zinasintha maganizo n'kuyamba kukonda zamphongo zimene poyamba zinkazinyalanyaza, zitaziona zikutsegula timabokosi ta chakudya.

Kuwerenga thupi lake

Woweta ayenera kuyamba wadziwa mmene mbalame yathanzi imachitira. Madzulo ikamakonzekera kugona imakukuta mlomo, kaphokoso kochepa kamene kamadabwitsa ongoyamba kumene. Ndi chizindikiro cha kukhuta ndi mtendere. Imagona itaima ndi mwendo umodzi, wina itaupinda m'nthenga, mutu itautembenuzira kumsana. Ikadzuka imatambasula phiko ndi mwendo wa mbali imodzi nthawi imodzi, kenako mbali inayo. Imapesa nthenga zake ndi mlomo, ndipo ziwiri zogwirizana zimakandana kumutu. Ikachita mantha nthenga zimamatirira kuthupi n'kuoneka yowonda. Ikatambasulako mapiko ndi kupumira kukamwa, yatenthedwa: ichotseni padzuwa.

Yodwala imafufumitsa nthenga kwa maola ambiri, imawodzera masana itaima ndi miyendo yonse iwiri, ndipo imasiya kuimba. Mchira ukamakwera ndi kutsika nthawi iliyonse ikapuma, ndiye kuti ikuvutika kupuma. Kusanza n'kosiyana ndi kulavula kwa chikondi kuja: yosanza imapukusa mutu, njere n'kumwazika, nthenga za kumutu n'kumatana. Ikafika pokhala pansi pa khola, zinthu zafika poipa ndipo siyofunika kudikira mawa. Isungeni pofunda, chakudya ndi madzi zili pafupi, n'kupita nayo kwa dokotala wa ziweto.

Njira ziwiri zosavuta zimaulula matenda msanga. Yoyamba ndi kuyala nyuzipepala pansi pa khola n'kumaisintha tsiku lililonse, kuti muziona zitosi. Chitosi chabwino ndi chaching'ono, chobiriwira moderapo, chokhala ndi kadontho koyera. Zikachepa, zikachita madzi kapena kusintha mtundu, pali vuto. Yachiwiri ndi sikelo yoyeza magalamu. Mbalame ya magalamu 40 ikataya magalamu 4 okha, yataya gawo limodzi mwa magawo 10 a thupi lake, koma nthenga zimabisa zonsezo. Onaninso mlomo ndi miyendo. Tinkhanambo toyera tokhala ndi timabowo timayamba ndi nthata yotchedwa Knemidocoptes, imene imapinda mlomo ikalekereredwa, chikhalirecho mankhwala ake alipo.

Chakudya, mpweya ndi tulo

Kutchire budgie imauluka mitunda italiitali kuti ipeze njere. M'khola njere zili pamphuno, ndipo ikamadya zokhazo imanenepa, chiwindi n'kuchita mafuta. Njere zilinso ndi vitamini A wochepa, ayodini wochepa ndi kashiamu wochepa. Kusowa kwa ayodini kumatupitsa chithokomiro mpaka mbalame kumalira ngati kakherere ikamapuma, pamene kusowa kwa kashiamu kumachititsa kuti dzira likanirire m'mimba mwa yaikazi. Mchewere ndi mawere ndi zabwino, koma muziwonjezera masamba otsuka bwino monga bonongwe, karoti wopala, ndi kadzira kowiritsa mwa apo ndi apo. Muziuzira m'mbale yake tsiku lililonse, chifukwa imasenda njere n'kusiya mankhusu pamwamba. Mbale imaoneka yodzaza mbalame ili ndi njala. Mapeyala ndi poizoni kwa mbalameyi. Chokoleti, khofi, anyezi ndi zakudya zamchere nazonso zisayandikire khola.

Mbalame zili ndi matumba a mpweya amene amapititsa mpweya m'mapapo mosalekeza, choncho zimayamwa utsi woipa msanga kuposa munthu. Utsi wa mbaula, wa fodya, wa koilo ya udzudzu, mankhwala opopera tizilombo, ndi nthunzi ya poto wosamatirira chakudya akapserera pamoto, zingathe kuipha m'kanthawi kochepa. Khola lisakhale kukhitchini.

Khola likhale lotambalala m'mbali osati lalitali chabe, poti budgie imauluka chopingasa, ndipo mpata wa pakati pa mawaya usapitirire mamilimita 12 kuti isapanikize mutu. Mbali imodzi itsamire khoma kuti izimva kutetezeka. Imafuna mdima ndi bata kwa maola 10 mpaka 12. Khoswe, mphaka kapena kuwala kwa galimoto zingaidzidzimutse usiku n'kuyamba kudziwombetsa kumawaya. Zikatero yatsani nyale kuti ione pamene ili.

Thanzi la woweta

Zinkhwe zonse zingathe kunyamula kachilombo ka Chlamydia psittaci, koyambitsa matenda a psittacosis. Dziko linawadziwa bwino mu 1929 ndi 1930, pamene anafalikira ku Ulaya ndi ku America kudzera m'malonda a zinkhwe. Munthu amawatenga popuma fumbi la zitosi zouma, ndipo pakatha masiku 5 mpaka 14 amayamba kutentha thupi, mutu, kuphwanya m'thupi ndi chifuwa chouma, nthawi zina mpaka chibayo. Zizindikirozi n'zosavuta kuzisokoneza ndi malungo kapena chimfine, choncho mukapita kuchipatala nenani kuti mumaweta mbalame. Matendawa amachizika ndi mankhwala monga doxycycline. Powapewa, wazani madzi pansi pa khola musanasese, sambani m'manja mukamaliza, ndipo mbalame yatsopano izikhala payokha masiku 30 isanasakanizidwe ndi zinzake. Ena fumbi la nthenga limawatupitsa mapapo pang'onopang'ono; woweta amene wayamba kubanika ndi kutsokomola kosatha akaonane ndi dokotala.

Musanagule

Musasokoneze budgie ndi lovebird, kachinkhwe ka ku Africa kojintcha, ka mchira waufupi ndi mlomo wamphamvu. Musaziike khola limodzi, chifukwa lovebird imaluma mpaka kuthyola zala za budgie. Mtundu wina wa lovebird, wotchedwa Lilian's lovebird, umapezeka ku Liwonde National Park, ndipo chiwerengero chake n'chodetsa nkhawa. Wina akakutsatsani kachinkhwe kogwidwa kutchire, mukaneni.

Pogula, imani kaye patali n'kuyang'ana khola lonse kwa mphindi zingapo, chifukwa mbalame yodwala imadzilimbitsa ikaona munthu pafupi. Sankhani yochangamuka, ya maso owala, mphuno zouma ndi nthenga zoyera kunsi kwa mchira. Ngati m'kholamo muli ina yofufuma nthenga, musagulemo ngakhale imodzi. Budgie yosamalidwa bwino imatha kukhala zaka 10, choncho mwana amene akuilirira lero ali Sitandade 3 angathe kumaliza sekondale iyo ikadali moyo. Banja ligwirizaniretu amene aziidyetsa, kuisesera ndi kuiyang'anitsitsa tsiku ndi tsiku kwa zaka zonsezo.