MMENE APHUNGU AMAFUNSIRA ZA NDALAMA ZA BOMA

Alimi anzathu a ku Bembeke, Linthipe ndi Mayani, mtengo wa feteleza, msewu wotulutsira kachewere ndi ndalama zogulira chimanga chanu zimayamba zakambidwa ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe. Nchofunika kuti mudziŵe mmene nkhaniyi imayendera.

Chaka cha ndalama za Boma chimayamba pa 1 Epulo. Chisanayambe, Nduna ya Zachuma imaŵerenga bajeti. Kenaka aphungu amagaŵikana m'makomiti, naitana akuluakulu a unduna uliwonse kuti afotokoze chimene akupemphera ndalamazo. Pambuyo pake Nyumba yonse imaona gawo la unduna uliwonse palokha. Gawoli limatchedwa voti. Apa phungu angathe kufunsa kuti, kodi za chaka chatha zinagwira ntchito yanji? Yankho likapanda kumveka, aphungu angathe kuimitsa votiyo mpaka Nduna itabwera ndi yankho lokwanira.

Koma mphamvu yawo ili ndi malire. Gawo 57 la Malamulo Aakulu a dziko lino sililola phungu kuwonjezera ndalama popanda chivomerezo cha Nduna ya Zachuma. Chida chawo chachikulu ndi kukana kuvomereza.

Chidachi chinagwira ntchito mu 2005, Boma la Bingu wa Mutharika lili ndi aphungu ochepa. Malemu John Tembo, phungu wa Dedza South amene ankatsogolera otsutsa, anaumirira kuti feteleza wotsika mtengo afikire alimi ambiri bajeti isanadutse. Boma linamvera, ndipo linaikamo ndi feteleza wa fodya yemwe. Chaka chimenecho thumba la feteleza wa chimanga linagulidwa K950 ndi kuponi.

Komanso chida chomwechi chimapweteka mlimi. Mu 2007 ndi 2008 bajeti inachedwa miyezi chifukwa cha mkangano wa Gawo 65, wokhudza aphungu osintha chipani. Mvula siyembekeza bajeti. Feteleza wofika chimanga chitamasula sapindulira munthu.

Tsono inu muchite chiyani? Kumanani m'kalabu yanu mwezi wa Januwale usanathe. Lembani zosoŵa ziŵiri kapena zitatu, mutchule dzina la msewu, msika kapena mlatho, ndipo kalatayo muipereke kwa phungu wanu kudzera kwa a mfumu kapena mlangizi. Akabwerako ku Lilongwe, mufunseni chimene Nduna inayankha. Paja safunsa anadya phula.